Dzenje la Patsinde pa Mkuyu

Kalekale, agogo a agogo athu asanamere ndi mano omwe, kunali mudzi wa Mtsukwa m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Namitsitsi. Anthu a m'mudzimo madzi ankawayesa mpweya, chinthu chosatha. Mayi ankatunga mtsuko m'mawa, masana n'kuukhuthula pabwalo, ati madzi afunda, n'kupita kukatunga ena. Abambo anagwetsa mitengo yonse ya m'mphepete mwa mtsinje kuti madimba afike m'madzi mwenimweni, ndipo ya kumtunda kumene mtsinjewo unkatumphukira anaitentha kuti afese mawere. Mitengo imene inatsala inali ya kumanda yokha. Musawatamande kuti anaisiya mwanzeru, anaisiya chifukwa ankaopa kulowako ndi nkhwangwa.

Kenaka mvula inakana zaka ziwiri zotsatizana. Chaka choyamba anthu anangong'ung'udza. Chaka chachiwiri Namitsitsi anasanduka njira ya mchenga. Amayi ankafukula mchengawo mpaka dzenje kuwameza m'chiuno, n'kukhala m'menemo kudikira kuti chikho chimodzi chidzaze, ndipo dzuwa la chilimwe litakhwima ngakhale chikhocho chinaleka kudzaza. Madzi amene anatsala anali pa dziwe lina kuseri kwa mapiri, ulendo wa tsiku lathunthu kupita ndi kubwera. Anali obiriwira, ng'ombe zitafera m'mphepete mwake. Womwa ankatsegula m'mimba, wosamwa ankauma milomo mpaka kung'ambika. Mbale ankazipukuta ndi phulusa louma. Ana ankalira opanda misozi, ndipo ndikuuzeni, palibe chinthu choopsa kwa kholo ngati chimenecho. Apo m'pamene anthu a kwa Mtsukwa anamvetsa kuti chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

M'mudzimo munali mwamuna wina wofula njuchi, dzina lake Kamtedza, munthu wosakonda zoyankhulayankhula, wa manja otupa ndi mbola. Wofula njuchi amadziwa kanthu kena kamene enafe sitikalabadira: njuchi nazo zimatunga madzi, ndipo sizikhalitsa pamalo pamene chinyezi chili kutali. M'ming'oma yake ya kumtsinje njuchi zonse zinathawamo, koma mng'oma umodzi wa kufupi ndi manda unali ukadali wodzaza. Tsiku lina masana anazitsatira ndi maso, kenaka ndi miyendo, mpaka anangozindikira kuti walowa m'nkhalango ya kumanda, yekhayekha, kopanda maliro. Kumunsi kwenikweni, kumene kunali kusanaikidwepo munthu, patsinde pa mkuyu waukulu, anapeza njuchi zitaunjikana pa mng'alu wa nthaka. Anapisapo chala. Chinatuluka chozizira, dothi litamatirira.

Mwina mukuganiza kuti anathamangira kumudzi akukuwa. Ndiye kuti anthu a kwa Mtsukwa simukuwadziwa. Munthu wopezeka kumanda kopanda maliro anali ndi dzina limodzi lokha, mfiti, ndipo m'chaka chimene ana ankafa motsatizana dzina limenelo silinkafuna umboni. Mwezi womwewo anthu anali atapirikitsa nkhalamba ina ndi miyala chifukwa anaiona ikutola nkhuni m'malire mwa mandawo, ati ndiyo yamanga mvula. Kamtedza anaona ndi maso ake magazi a nkhalambayo pa fumbi. Choncho anatseka pakamwa. Anatseka milungu itatu, akumwa madzi obiriwira pamodzi ndi anzake, mpaka nayenso m'mimba munamugwira.

Ataona kuti sadzukanso, anaitana mkazi wake.

"Nankhoma, sendera kuno. Ndikapita usalole kuti akandigoneke pambali pa amayi. Akandikumbire kumunsi, patsinde pa mkuyu, ndipo akumbe mozama."

"Mukunena zotani, bambo? Kumeneko ndi kuthengo, kulibe m'bale wanu ndi mmodzi yemwe."

"Kuli madzi. Ndinawagwira ndi chala ichi. Ndili wamoyo sindikanatha kuwauza, koma wakufa samufunsa kuti kumanda unkakatani."

Anamwalira dzuwa lili paliwombo. Tsono tcherani khutu pa zimene anachita anthu atatu, chifukwa mlandu wonse uli pa iwo.

Woyamba ndi Nankhoma yemweyo. M'mawa mwake adzukulu, anthu okumba manda aja, anafika ndi makasu kudzamva pokumba. Abale a malemu anali atasankha kale malo pambali pa mayi ake. Nankhoma, amene mwa mwambo anayenera kukhala m'nyumba ya siwa mutu uli pansi, anatuluka n'kukhala pakhomo, pamaso pa amuna onse.

"Amuna anga anati patsinde pa mkuyu," anatero.

Mlamu wake wamkulu anafiira maso. "Mlamu, inu munabwera chitengwa m'mudzi muno, lero mutiuze pogoneka m'bale wathu? Mukufuna akagone yekha ngati wakhate?"

"Mawu a wakufa salumphidwa, alamu. Mukamuika kwina ine sindimeta, ndipo akabwera kudzafunsa ndidzamulozera makomo anu."

Za madzi sanatchule. Ankadziwa kuti akangotchula amufunsa kuti wadziwa bwanji, ndipo mtembo wa mwamuna wake akanauponya kuthengo kwa afisi, iye n'kumupirikitsa pamodzi ndi ana anayi amasiye amene ankalera, ana a mwana wake wamkazi amene anafa chaka choyamba cha chilala. Komabe sanasunthe pakhomopo. Anthu amaopa wakufa kuposa mlamu wokalipa, choncho adzukulu anasenza makasu n'kulowera kumunsi. Akudutsa, Nankhoma anagwira mtsogoleri wawo pa mkono n'kumunong'oneza kuti akumbe mozama.

Wachiwiri ndi mtsogoleri ameneyo, Chidzaye. Adzukulu mukuwadziwa, ndi anthu a nthabwala, amatha kumuseka wamasiye mpaka iye kuseka nawo misozi ili m'masaya, ndipo Chidzaye pa zimenezi analibe mnzake. Koma mwezi umenewo anali atakumba manda khumi ndi amodzi, nthabwala zinali zitamuuma pamodzi ndi malovu. Anakumba dothi lofiira louma kuti gwa, anadutsa mizu ya mkuyu, anafika pa mwala wofewa wotuwa. Anzake anati pakwana. Iye anakumbukira dzanja la wamasiye uja, nati apitirize pang'ono. Atatsika mpaka mutu wake kubisika, anayamba kugoba kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo, ndipo khasu linalira kulira kwina. Polizula linali lonyowa.

Madzi anayamba kutuluka m'khoma ngati thukuta, kenaka kuyenderera, mpaka anamufika mu akakolo. Adzukulu amene anali naye pansipo anakwera kunja mopikisana, wina kusiya khasu momwemo. Palibe amene anakondwera. Manda otuluka madzi m'chaka choti mtsinje wauma anali malodza, ndipo onse anaima patali kuti zii.

Amene anayamba kuyankhula anali Dzimbiri, wachiwiri kwa Chidzaye pa ntchitoyo. "A Chidzaye, tulukanimo. Tibweretse maliro msanga tikwirire, tisanaone zina."

"Tigoneke munthu m'madzi awa? Ana anga akunyambita mtsuko wouma kunyumba."

"Ndiye tiikemo thunthu la nthochi m'malo mwa munthu, tikwirire monga mwa mwambo, tikakumbe pena. Dzenje la manda siligona chotsegula, mukudziwa inu. Likagona lopanda kanthu limaitana munthu."

Chidzaye ankadziwadi. Ndi iye amene anawaphunzitsa lamulo limenelo ali anyamata. Koma anati, "Kakumbeni pena, kumtunda uko. Ili silikwiriridwa. Wofuna kuponyamo dothi ayambe wakwirira ine." Atatero anakhala pansi m'madzimo, msana kukhoma, ndipo sanatuluke mpaka anamva makasu akulira pamalo ena. Kamtedza anaikidwa m'dzenje lachiwiri dzuwa litapendeka, ndipo loyamba lija linagona chotsegula.

Masiku awiri palibe amene anayandikirako. Mbiri inali itafika khomo lililonse, koma amayi ankasenzabe mitsuko kulowera kuseri kwa mapiri, ndipo podutsa pafupi ndi manda ankayang'ana kumbali. Ngakhale Chidzaye, amene anakhalamo m'madzimo, sanalaweko, sanatengereko ana ake. Kukhala m'madzi a m'manda ndi kwina, kuwameza ndi kwinanso.

Wachitatu ndi Tsalani, mayi wachitsikana wa mwana mmodzi. Mwamuna wake anapita kukasuma chakudya kudziko lina miyezi itatu m'mbuyomo, osabwerako, osatumiza ndi mawu omwe. Mkaka unali utamuuma. Khanda lake liwombo linali litalowa, ndipo linali litaleka ngakhale kulira. M'mawa wa tsiku lachitatu anabereka mwanayo, anatenga chikho ndi mtsuko, n'kudutsa pakati pa mudzi osabisala, kulunjika kumanda. Mayi ake anamuthamangira nsalu ikukwakwa pansi.

"Tsalani, mwana wanga, ukupita kuti? Amenewo ndi madzi a akufa. Ukamwa wadziitanira."

"Amayi, mwanayu akupita kale komweko, ine ndikungomuperekeza. Ngati n'kufa, tife titamwa."

Anatsikira pa mtengo wa mphanda umene adzukulu anausiya m'dzenjemo. Madzi anali atadikha, oyera kuti mbee, akufika m'mawondo. Anamwa zikho zitatu osapumira, ananyowetsa nsonga ya nsalu n'kumafinyira m'kamwa mwa mwana dontho ndi dontho. Anthu amene anamutsatira anaima m'malire mwa nkhalango kudikira kuti amve kukuwa. Sanamve kanthu. Anamuona akutuluka mtsuko uli pamutu, akudutsa pakati pawo osapereka moni, ndipo maso a onse anali pa timadontho timene tinkagwera pa phewa lake. Tsiku limenelo mudzi wonse unakhalira kuzungulira nyumba ya mayi ake kudikira maliro. Tsiku lotsatira anamva khanda lija likulira mokweza, kulira kwa njala, ndipo dzuwa lisanakwere mzere wa mitsuko unachokera patsinde pa mkuyu mpaka kunja kwa manda.

Madziwo sanali ambiri. Dzenje linkapereka mitsuko makumi atatu patsiku, pamene makomo anali makumi anayi, choncho khomo lililonse linkatunga mtsuko umodzi wosadzaza. Anthu aja ankataya madzi ati afunda anasanduka akatswiri osunga dontho. Otsukira ndiwo ankaphikira phala. Osambitsira khanda ankapatsa nkhuku. Mtsuko ankauvundikira ndi mbale, n'kuuika pakona pamene mwana sangaupunthe, ndipo wopempha akumwa ankamupatsa theka la chikho akumuyang'ana pakhosi. Mbuzi sizinkaloledwa kufika pa mkuyu, ndipo wothyola ngakhale kanthambi m'nkhalangomo ankalandidwa mtsuko wa tsikulo. M'mawa uliwonse Chidzaye ankatsika kukakokolola mchenga wogumuka ndi kutsamiza miyala m'khoma, chifukwa dothi la pansi linali lofewa, ndipo ndi iye yekha ankadziwa pamene mizu yagwira ndi pamene pangagwe. Matenda a m'mimba anachepa. Ana anayambanso kuthamangitsana pabwalo. Koma pa chitsime chimenechi panalibe kuseka kapena miseche monga pa zitsime zina. Amayi ankatunga pakamwa pali chitsekere, n'kuchoka osacheuka.

Pa tsiku lachisanu ndi chitatu, Sindikani, mng'ono wake wa Dzimbiri, mwamuna wamphamvu amene anakumba nawo dzenje lija, anapita kukasenda luzi n'kulumidwa ndi mphiri. Anafa dzuwa lisanalowe. Patapita masiku anayi, mayi wina anamwalira pobereka, mwana n'kupita naye.

Ine sindikunena kuti dzenje limadya anthu. Njoka zinkaluma kale m'dziko limenelo, amayi ankafa kale kuchikuta, ndipo mwezi wa m'mbuyomo anthu khumi ndi mmodzi anapita popanda dzenje lotsegula. Koma mantha sawerenga choncho. Anthu anayamba kuyang'anana kuti wotsatira ndani. Mwana akatsokomola, mayi ankatembenukira cha kumanda. Mwamuna akachedwa kuthengo, mkazi ankayamba kulira asanamve kanthu. Ankatungabe, chifukwa ludzu silimva mwambo, koma chikho chilichonse ankachimeza ngati mankhwala owawa, ndipo ena ankati akaweramira m'dzenjemo amamva ngati wina akuwayang'ana. M'mawa wina Chidzaye anapeza kuti munthu wathiramo madengu atatu a dothi, ndipo tsiku lonse madzi anali matope. Dzimbiri sanabise.

"Ndine. Mng'ono wanga wapita, ine ndinanena tsiku loyamba lomwe. Mawa ndikwirira masana, nonse mukuona."

Ena anati akunena zoona, ena anatola mipini kuti akalondere mkuyu. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Mfumu ya mudziwo inali munthu wofatsa, wodwaladwala, ndipo inati za kumanda ndi za adzukulu. Inatuma anthu kukanyamula Mkwaila, mdzukulu wakale wakhungu amene anaphunzitsa Chidzaye kugwira khasu la kumanda. M'mawa mwake anamukhazika pa mphasa polowera kumanda, mudzi wonse utamuzungulira.

Mkwaila anayamba wapempha madzi a m'dzenjemo. Anamwa pang'onopang'ono, napukuta pakamwa. "Ndi madzi abwino," anatero. Kenaka anafunsa kuti anasankha malowo ndani, ndipo chifukwa chiyani.

Nankhoma anatopa nako kubisa. Anagwada n'kunena zonse, za njuchi, za chala chonyowa, za milungu itatu imene mwamuna wake anakhala chete. Khamu linachita phokoso. Mayi wina anaimirira, nati m'milungu itatu imeneyo iye anaika ana awiri. Anatukwana wakufa, anatukwana wamasiye, ndipo ambiri anamuvomereza. Za miyala imene anagenda nayo nkhalamba ija palibe amene anakumbutsa mnzake.

Phokoso litatsika, Mkwaila anati, "Ana anga, dzenje la manda silikumbidwira mphepo, limakumbidwira munthu. Ili munalikumba, mwini wake n'kumugoneka pena. Latsala lopanda mwini, ndipo dzenje lopanda mwini limadzisankhira. Njira zilipo ziwiri. Mukwirire lero, madziwo muwaiwale. Kapena mulipatse mwini wamoyo."

"Tilipatse bwanji, agogo?" anafunsa Chidzaye.

"Monga timachitira ndi wakufa aliyense. Agone pa mphasa, timuyeze ndi bango kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Bangolo tikalizike pakamwa pa dzenje, iye anene yekha kuti ili ndi langa. Likamva zimenezo lileka kuyang'ana ena, liyang'ana iye yekha. Tsiku limene adzapite tidzamugoneka pena, bango lake tidzalikwirira m'mbali mwa dzenje, ndipo pamenepo lakhuta. Madzi adzakhala anu ndi ana anu."

"Ndiye woyezedwayo amakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Sindidziwa. Ndinaziona kamodzi ndili wamng'ono. Munthuyo anakhala miyezi iwiri. Ndipo sangakhale wina aliyense. Musayang'ane akapolo kapena alendo. Akhale mmodzi mwa amene analitsegula pakamwa."

Palibe amene anatchula dzina, koma anthu anasendera m'mbuyo, ndipo pakati panatsala atatu.

Nankhoma ndiye anayamba. "Ndiyezeni ine. Linali la amuna anga, ndipo ndine ndinaloza malowo ndikudziwa chimene chili pansi. Ndikanakhala chete bwenzi kulibe dzenje." Anthu ambiri mitima inakhala pansi, poti wodzipereka wapezeka, wokalamba kale, wobwera. Koma Mkwaila anafunsa kuti ana anayi amasiye aja awatenga ndani. Alamu ake anayang'ana pansi. Amayi anayang'ana kumitengo. Chaka cha njala mwana wa mwini ndi katundu, ndipo onse ankadziwa kuti Nankhoma akapita, anayiwo amutsatira mmodzimmodzi mvula isanagwe. Wina kumbuyo ananenanso kuti kuloza si kukumba, pakuti akanaikamo thunthu la nthochi tsiku lomwelo, kuloza kwake sikukanapha munthu.

Chidzaye anayankhula maso ali pa mapazi ake. "Ine ndikuopa, ndisakunamizeni. Ndayeza anthu ambiri ndi bango, ndipo sindinaganizepo kuti lidzandikhudza ndikupuma. Koma lamulo ndinkalidziwa kuposa nonsenu, ndipo amene anakana kukwirira ndine. Ngati Sindikani anatengedwa ndi dzenje, ndiye kuti ndinamupereka ndine." Mkazi wake anadzigwetsa pansi n'kumugwira miyendo. Mwamuna wina wa mbali yolondera mkuyu anafunsa kuti Chidzaye akapita, azitsika ndani m'mawa kukachotsa mchenga. Mkwaila anaitana adzukulu mmodzimmodzi, ndipo aliyense anakana. Chifere Sindikani onse anali atalumbira kuti phazi lawo silidzapondamonso. Popanda wotsamiza miyala khoma likanagumuka mlungu usanathe, ndipo munthu akanafera dzenje louma.

Tsalani sanadzipereke. Anakhala mwana ali kubere, nayang'ana khamu lonse m'maso. "Ine pamphasapo sindigona. Sindinaloze, sindinakumbe. Ndinapeza madzi, ndinamwa, ndipo nonsenu munamwa pambuyo panga. Amene sanamweko aimirire adzandiyeze."

Palibe amene anaimirira. Koma Dzimbiri anayankha ali chikhalire, dengu la dothi lili pambali pake. "Ndinamwa, mlongo wanga, sindikana. Koma masiku awiri oyamba dzenje linali chete, silinatenge munthu. Tsiku lachitatu tikanawanyengerera a Chidzaye, tikanakwirira bwinobwino. Iwe ndi amene unalisandutsa chitsime. Utangomwa iwe, panalibenso wolikwirira." Ambiri anagwedeza mitu kuvomera. Mayi ake a Tsalani analira nati ayeze iwo m'malo mwa mwana wawo, koma Mkwaila anati dzenje silidziwa wolowa m'malo. Ndipo aliyense ankaona kakamwa kaja kakuyamwa, n'kudziwa kuti kuyeza Tsalani ndi kuyeza anthu awiri ndi bango limodzi.

Anakangana mpaka mithunzi inayamba kufupika. Wina akati wamasiye, wina ankati anayi aja. Wina akati wokumba, wina ankati khoma. Wina akati mtsikana, wina ankati khanda. Panapezekanso wonena kuti atatuwa ndi amene apulumutsa mudzi, ndipo m'malo mwa bango anayenera kulandira mbuzi aliyense. Onse anavomera kuti n'zoona, koma palibe amene anati ndiye yezani ine. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo mvula, ngati ikanabwera n'komwe, inali kutali miyezi itatu. M'njira yolowera kumanda mitsuko makumi anayi inali pamzere, yopanda kanthu, chifukwa tsiku limenelo panalibe amene anatunga.

Mkwaila anatuma munthu kukadula bango louma ku Namitsitsi. Atabwera nalo, nkhalambayo inalisisita ndi zala, inasendera kumapeto kwa mphasa kuti patsale malo ogona munthu, niti, "Dzuwa likafika paliwombo bango ili lisanayeze munthu, Dzimbiri akwirire. Ine sindimuletsa, ndipo wina asamuletse."

Dzimbiri anaimirira n'kusenza dengu lake. Ana anayi aja anali atakangamira nsalu ya Nankhoma. Chidzaye anali akuyang'ana mphasa, thukuta likutsika m'khosi. Tsalani anasamutsira mwana ku bere lina.

Apa m'pamene ine ndikutula nkhaniyi, chifukwa ndaisenza nthawi yaitali ndipo yankho lake sindinalipeze. Musandiuze kuti inu za mabango simukhulupirira. Anthu aja ankakhulupirira, ndipo woyezedwayo akanadzuka pamphasapo akudziwa kuti wafa kale, mudzi wonse n'kumamupatsa moni ngati wodutsa. Bango ndi ili, ndaliika m'manja mwanu, ndipo mthunzi watsala pang'ono kulowa pansi pa mapazi. Mugoneka ndani pa mphasa: Nankhoma amene analoza, Chidzaye amene anakana kukwirira, kapena Tsalani amene anayamba kumwa? Kapena mumusiya Dzimbiri akhuthule dengu lake, atatuwo akhale moyo, mudzi wonse ubwerere ku ludzu?